Mmene gitala linandiphetsera nkhuku

Anzanga, ine kudikira sindimakutha, mukudziwa. Amuna anga, abambo a Feli, ankayimba gitala lamagetsi m'kwaya ya kwathu ku Mbulumbuzi, lija lolumikiza ku batire la galimoto. Gitalalo ndi la mpingo, koma linkagona kwathu. Ndiye makiyi ake okungira mawaya anatha mano, ukakunga waya uku akubwerera. Atsopano anakagula ku Limbe, n'kuwaika pawindo. Sabata yoyamba, “Ndiika mawa.” Yachiwiri, “Ntchito imeneyi imafuna mtima uli m'malo.” Mtima wake uti? Loweruka kuli ukwati ku tchalitchi, kwaya yonse ikudalira gitalalo!

Lachisanu m'mawa atangopalasa njinga kupita ku Boma, ndinati basi. Ine amene ndaphunzira kulemba dzina langa ku sukulu ya kwacha ndili ndi ana anayi, timakiyi sikisi tingandikanike?

Ndinayala mphasa pakhonde, gitala pamiyendo, mpeni m'manja, poti chomasulira chawo sindinachipeze. Kodi alipo anandiuza kuti umayamba wakhwefula mawaya? Nditangomasula kiyi woyamba, waya thwa! patsaya. Ndinaona nyenyezi dzuwa likuswa mtengo. Koma ndinapukuta misozi n'kupitiriza, onse sikisi ndinazula, atsopano n'kulowetsa bwinobwino m'mabowo mwake. Apa n'kuti ndikudzitama mumtima kuti madzulo wina achita manyazi.

Pomanga tsopano. Kiyi aliyense amagwidwa ndi kamsomali kozungulira, kochepa ngati njere ya mapira. Ndawerenga: tinayi. Ndabwereza: tinayi. Tiwiri kulibe! Ndinakutumula mphasa, chitenje, ngakhale duku. Potukula maso, ndinangoona thadzi langa lakuda, lija loikira mazira tsiku ndi tsiku, laima pambali likumeza kanthu, khosi likuchita kukoka.

“Iwe! Wameza za mpingo?”

Linangondiyang'ana ndi diso limodzi.

Munthu wanzeru akanakhala pansi n'kuganiza. Ine ndinalithamangitsa kuzungulira nkhokwe katatu, kudutsa m'munda wa nandolo, mpaka chitenje chinatsala pachitsamba. Anasibeko, oyandikana nawo nyumba, anasiya kusinja.

“Kwabwera alendo kodi?”

“Ayi, ndi nkhani ya kwaya!”

Sanafunsenso.

Ndinalizinga, kulisosola, kulitumbula. M'nthutumba ndinapezamo timiyala, chimanga ndi kachidutswa ka botolo. Msomali? Olo umodzi. Ndinafinya matumbo onse ngati ndikuchapa malaya, osapeza kanthu. Ndikawauza chiyani a kwaya? Nanga akwati, alowe m'tchalitchi ndi kuomba m'manja kokha chifukwa cha ine?

Ndinaika nkhuku pamoto, poti kutaya sindikanatha, kenaka n'kutenga misomali iwiri yotsala pokhoma chitseko, ndi mwala. Ndaimika msomali pamutu pa gitala, mwala uli m'mwamba, belu la njinga ngiri ngiri.

“Amake Feli! Ikani mwalawo pansi. Pang'onopang'ono.”

Ndinafotokoza zonse, tsaya likutukusira. Iwo osakalipa. Anangonyamula gitala, kuyang'ana pamimba pake, paja pali timabokosi takuda pansi pa mawaya, n'kutolapo kanthu ndi zikhadabo. Kamodzi. Kawiri. Timisomali tanga, titakakamira phee!

“Umu muli maginito,” anatero. “Kachitsulo kakagwera pafupi, amakoka.”

Maginito! Nanga ku sukulu ya kwacha anatiphunzitsa zimenezo?

Anamanga timisomalito, kukunga mawaya, mphindi khumi zokha gitala likulira. Pa chakudya ndinawaikira nthutumba m'mbale mwawo monga mwa mwambo, mutu ndili chozolikitsa. Anatafuna mofatsa, n'kunyambita zala.

“Komatu mwagwira ntchito, mayi. Mwezi wamawa ndidzasinthanso mawaya. Tambala uja wanenepa, eti?”

Ukwati unayenda bwino, ngakhale azimayi a kwaya ankati akandiona n'kuyamba kulira ngati nkhuku, poti Anasibeko nkhani saigonetsa. Kuyambira tsiku limenelo, gitalalo ndikamasesa ndimalilambalala ngati lili ndi mano. Ndipo kanthu kakasowa pakhomo, ndimayamba ndafufuza kaye ndisananole mpeni.