Mbale ya pa Nsanja ndi Zenera Lathu

Lolemba

Nsanja yatsopano kuseri kwa msika wa Kabwata yatha. Pamwamba pake chimbale chachikulu choyera, akuti chotumiza mawu a telefoni popanda waya. Pa mpanda pali chenjezo lofiira: munthu asaime kutsogolo kwa mbale. Nanga zenera la kuchipinda kwathu? Likuonekera bwinobwino! Esinati ali ndi pakati, mwana wathu woyamba. Ndinawerenga m'magazini ya kuntchito kuti akatswiri akunja akufufuzabe ngati mafunde otere amatenthetsa thupi. Akufufuzabe! Ine sindingadikire. Sayansi ya Fomu Folo: mafunde sadutsa chitsulo. Zofunika: pepala lachitsulo lonyezimira lija, zomatira, pemphero. Esinati akuti, "Pitani mukaione bwino mbaleyo." Ndilibe nthawi.

Lachiwiri

M'tauni monse mulibe pepalalo. Ndaona mzere wautali, ndaimapo, ndatuluka ndi sopo. Mulungu ngwabwino! A Daka, aneba athu osuta, akuti, "Mu paketi ya fodya muli siliva, bambo. Mufuna zingati?" Andipatsa timapepala tawo tonyezimira. Sitikwana ngakhale kona imodzi ya zenera.

Lachitatu

Ndikuvomera: ndalowa m'tharaveni. Ine elida, mkulu wa mpingo! Sindinamwe, sindinakhale pansi, ndangotola mapaketi pansi pa matebulo. Mmodzi wandikuwira moni, "Ba Elida, shani! Mwabwela?" Ndayankha kuti ndili pa ntchito ya sayansi. Aseka mpaka kukhosomola. Potuluka, thumba lodzaza, ndakumana maso ndi maso ndi Mai Tembo a kwaya. Ayang'ana ine, ayang'ana thumba. "Tizikupemphererani, abambo." Ndayesa kufotokoza za mafunde. Ayenda mofulumira.

Lachinayi

Ndaphika phala la chinangwa, ndamata siliva pa zenera lonse. Kukongola! Koma zotsatira:
chipinda chikununkha fodya;
Esinati wasanza;
nyerere zapeza phala;
wailesi ikaikidwa pazenera pamalo pake, ikungolira phokoso.
Za wailesizo zandisangalatsa kwambiri, ndi umboni kuti chitsulo chikugwira ntchito. Esinati sanasangalale. Pulogalamu yake ya moni wa kumudzi yamudutsa, ndipo akuti mwina amalume ake a ku Katete anamutchula. Wasamukira pa mpando wa m'chipinda chochezera. Zenera la kumeneko sindinamate. Ambuye!

Lachisanu

Dzuwa likamenya zenera, kuwala kukufika mpaka kumsika. Afika ba Mulenga, tcheyamani wa Chipani m'chigawo chathu, kabuku ka malamulo m'thumba la malaya. "Komuredi, masiku yano adani bali pafupi. Ivi vonyezimila mutumila ndani masigino?" Ndawathirira tiyi msanga. Ndafotokoza zonse, magazini, Fomu Folo, mwana. Amvetsera, amwa tiyi wathu, shuga masupuni odzaza. Kenako: "Ndiye kuti mukamba ati Boma inamanga chinthu choipa?" Ayi, ayi! Ndalumbira kuti nsanjayo ndi chitukuko. Ndipo ndi chitukukodi, telefoni ya kuntchito ikumveka ngati munthu ali pakhomo. Alamula kuti pofika Sabata zenera likhale zenera. Anyamula mapaketi otsala, akuti ndi umboni. Mu paketi imodzi munali ndudu.

Loweruka

Esinati wavala chitenge, wandigwira dzanja. "Tiyeni." Tafika pa mpanda wa nsanja. Wangoloza m'mwamba. Ndayang'ana. Zitsulo, mabawuti, mawaya, chisa cha njiwa. Ndi kumbuyo kwa mbale! Yatifulatira. Kukamwa kwake kwaloza kumpoto, pamwamba pa madenga onse. Ndipo chenjezo lija, ukaliwerenga mpaka pansi, likunena za okwera nsanja. "Ndinakuuzani Lolemba," akutero mkazi wanga, mofatsa, zomwe zikupweteka koposa. Masana onse ndikupala zenera ndi mpeni. Phala la chinangwa likauma silimva.

Lamulungu

Abusa alalikira kuti thupi ndi kachisi. Sanatchule dzina. Mai Tembo atembenuka, kwaya yonse yatembenuka nawo. Ndaimba mokweza. Pakhomo la tchalitchi abusa andinong'oneza kuti nawonso anavutika kusiya, ndisataye mtima. Ndawathokoza. Ndikanatani? Kunyumba ndapeza a Daka asiya mapaketi ena pakhonde, atawakonza bwino.

Zenera lili mbee, wailesi ikuimba, Esinati wabwerera kuchipinda. Wandigwiritsa pamimba: kamwana kakumenya mwamphamvu, kalibe nazo ntchito za mafunde. Mtima wanga wakhala pansi. Akatswiri apitirize kufufuza.

Chotsala chimodzi. Kumpoto kumene mbale yaloza ndi ku Emmasdale, ndipo apongozi anga amakhala m'nyumba yosanja kumeneko. Ndawapempherera. Zowauza sindinaganizebe. Ambuye, mundikhululukire, sindikufulumira.