Kabaza wa Tiakangaude

Lolemba, 12 Febuluwale
Tilipo atatu m'munda wa soya: ine, mayi a Esnati, ndi alangizi a ku Thambani. Mvula yadula. Masamba a kumsewu achita mawanga achikasu. Alangizi akuti ndi tiakangaude, timabisala kunsi kwa tsamba. Akuti ndizigwedezera masamba pa chinthu choyera n'kuwerenga timadontho toyenda. Tikafalikira munda wonse, ndiye mankhwala. Mankhwala ndiye kuti mbuzi yathu imodziyo ipita kumsika. Ndikuthokoza, tiakangaudeto tili mbali ya kumsewu yokha.

Lachiwiri, 13
Pepala loyera palibe. Ndatenga duku loyera la kutchalitchi la mayi a Esnati, eni ake ali kuchigayo. Munda ndaugawa panayi.
Kumsewu: 31
Pakati: 0
Kuchulu: 0
Kumtsinje: 0
Mbuzi igone mwamtendere.

Lachitatu, 14
Ndikuyambira kumsewu monga dzulo, duku lomwelo m'thumba. Kumsewu 40, kapena 38, sitiima malo amodzi. Pakati 6! Ndikuthokoza maso akuonabe.

Lachinayi, 15
Duku lafunika, lero n'tsiku la amayi kutchalitchi. Lili ndi timizere tobiriwira, pomwe ndimatinyenya ndi chala kuti ndisatiwerenge kawiri. "Bambo a Esnati, duku langa mwalisandutsa kope?" Apita ndi lobwereka. Chakudya sanandimane, zikomo. Ndikuwerengera pa malaya anga oyera. Kuchulu: 9.

Lachisanu, 16
Kumtsinje: 4. Zodabwitsa! Tikutsata ndendende njira yanga. Kuseri kwa mango, komwe sindinapondeko chiyambire, kulibe n'kamodzi komwe. Ndapitako kawiri kukatsimikiza.

Loweruka, 17
Kuseri kwa mango: 5!
Alangizi abwera. Ayang'anitsitsa malaya anga, aseka mpaka kutsamira njinga. "Bambo, mumayambira kodwala n'kutsirizira kwabwino, nsalu osaikutumula? Inu ndiye kabaza wawo!" Akuti mphepo ndi ng'amba nazonso zathandizira. Mawu amenewo ndikuwathokoza, ngakhale awanena akupukuta misozi.

Lamulungu, 18
Lero sindiwerenga. Mayi a Esnati andiletsa kuponda m'munda, malaya awaviika m'madzi otentha. Alangizi anati tikapopera msanga soya apulumuka. Zikomo Ambuye.
Mbuzi ndaipatsa madeya mbale yodzaza. Yadya onse, yandiyang'ana ngati ndine munthu wabwino.
Mawa kumsika ku Thambani. Iyenda ndi miyendo yake. Ine sabata ino ndanyamula zokwanira.