Tsiku limene ndinatsatira mphatso yanga pa kabaza

Mpaka lero ndikamatsuka m'mutu ndimayang'ana pansi pa beseni kuti ndione ngati mchenga watha. Anzanga a kusaluni amati ndimakokomeza, koma iwo kunalibe tsikulo. Ndi bwino ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanakupezeni kudzera mwa asodzi, chifukwa iwo akuithira mchere wambiri.

Amuna anga, bambo a Yankho, amayendetsa kalole konyamula usipa kuchoka kuno ku Mangochi kupita ku Limbe. Ndi munthu wabwino, mowa samwa, kutchalitchi amaimba besi m'kwaya. Matenda awo ndi amodzi: magalimoto othamanga aja, afupi ngati fulu, a zitseko ziwiri. Akaweruka amakhala pakhonde n'kumaonera pafoni azungu akuthamangitsana, uku akuliza pakamwa ngati injini. Ine nditha kudutsa pamaso pawo nditaluka tsitsi latsopano, sandiona. Koma galimoto yofiira ikatulukira pafonipo, maso awo amawala mmene ankawalira masiku amene ankandifunsira. Kuwala kumeneko ndinkafuna kubwerere kwa ine, zivute zitani.

Tsiku lawo lobadwa likuyandikira, ndinafufuza pafoni mphatso zimene akazi anzathu amapatsa amuna awo. Wotchi, lamba, perefyumu. Zonsezo ndinali nditagulapo kale. Wotchi imagona m'dirowa, ati ingakandike. Perefyumu anapopera m'lole kuti aphe fungo la nsomba (mtima unandiwawa, koma kunena zoona loleyo inanunkhiradi). Ndiye ndinati chaka chino ndiwapatsa chimene mtima wawo umalirira.

Mwayi wake, mwezi womwewo Che Saidi, mkulu wina wa pa boma pano, anali atangofika kuchokera ku Joni ndi galimoto yeniyeniyo, yofiira psuu, yosamveka bwino ngati ikulira kapena ikukalipa. Boma lonse linkangokamba za iyo. Akazi awo, Abiti Juma, amalukitsa tsitsi kwa ine, choncho ndinayambira kwa iwo. Anaseka mpaka chipeso chinagwa. Anandiuza kuti iwo omwe saloledwa kugwira chitseko chake asanasambe m'manja.

Sindinagwe mphwayi. Ndinapita ndekha kwa Che Saidi, anandikana mwaulemu. Ndinabwereranso ndi chambo chachikulu, analandira chambocho n'kundikananso. Kenako ndinayamba kumangopezeka pakhonde pawo m'mawa uliwonse, ndikuwapatsa moni n'kukhala chete ngati wodikira dokotala. Tsiku lina anatuluka akupukusa mutu.

"Mayi a Yankho, mwandigonjetsa. Amuna anu ayendetse. Koma kukafika kunyanja kokha n'kubwerera."

Ndinathokoza mogwada, n'kuthamanga asanasinthe maganizo. Sindinafunse china chilichonse (apa ndi pamene munthu wanzeru akanafunsa).

M'mutu mwanga zonse zinali zitakonzeka. Ine ndi bambo a Yankho m'galimoto yofiira, mphepo ikutiwomba, ulendo wa kumalo ena odyera a m'mbali mwa nyanja, kungotuluka pang'ono pa boma. Ndinasoketsa diresi yobiriwira, ndinabwereka nsapato zagogoda, ndinaphikitsa keke yolembedwa pamwamba kuti NDIMAKUKONDANI MPAKA IMFA.

Tsikulo dzuwa linatuluka ndi ukali. Amuna anga ndinawamanga chitenje kumaso n'kuwatsogolera mumsewu nditawagwira dzanja. Amayi ogulitsa tomato ankatipepesa, poganiza kuti tikupita kuchipatala cha maso. Titafika kwa Che Saidi ndinamasula chitenje. Bambo a Yankho anaima njo, anagwira pakamwa, kenako anagwada pafupi ndi tayala n'kulisisita. Nditawauza kuti woyendetsa lero ndi iwowo, misozi inalengeza. Mumtima ndinati ndapambana.

Ndiye amuna anga atangokhala pachiwongolero, Che Saidi anatsegula chitseko chinacho n'kukhala pampando, n'kumanga lamba.

Ndinasuzumira m'kati keke ili m'manja. Mipando inali iwiri basi. Kumbuyo kunali kampata koti mwina nkhuku, koma yosanenepa. Ndinafunsa motsitsa mawu kuti nanga ine ndikhala pati.

"Wallahi, mayi, galimoto iyi siyenda popanda ine," anatero Che Saidi. "Sindinanene kodi?"

Ndinayang'ana amuna anga kuti mwina alankhulapo. Iwo anali akununkhiza chiwongolero. Anangotsitsa galasi n'kunena kuti, "Tikumana konko, mayi a Yankho," galimoto n'kubangula, n'kutuluka pageti.

Mkazi wina akanabwerera kunyumba n'kukadya keke yekha. Ine ndinavutikira ulendo umenewu, ndipo sindikanalola kuti unditsale. Ndinaimitsa kabaza wa njinga yakapalasa, bambo wachikulire wovala chisoti cha mlaza, n'kuwauza kuti atsate galimoto yofiirayo. Anandiyang'ana, anayang'ana miyendo yawo, n'kufunsa ngati ndikunenadi zoona. Ndinakwera chammbali, keke pamiyendo, n'kuwauza kuti apalase.

Chodabwitsa n'chakuti sitinachedwe kuwapeza. Bambo a Yankho anazolowera lole, ndiye phazi lamanzere linkangofunafuna kilatchi, pomwe galimotoyo ilibe, n'kumaponda buleki. Imati ikathamanga pang'ono n'kuima mwadzidzidzi, mitu ya amuna awiri ikugwedera ngati abuluzi. Kenako panabwera mahampu. Galimoto ija ndi yaifupi kwambiri moti pa hampu iliyonse Che Saidi ankatsika, kuwerama, n'kumaongolera ndi manja kuti ikwere chopingasa ngati nkhanu. Ife tinawadutsa. Akabaza anga analiza belu monyadira, anthu a m'maminibasi akutiombera m'manja. Ndinadzutsa dzanja kuti amuna anga andione. Sanandione.

Tinapatuka pamsewu wa tala n'kulowa njira yamchenga yopita kunyanja. Ife njinga tinakankha, n'kukaima pamthunzi wa mlambe kuwadikira. Patapita kanthawi tinamva kubangula kuja kukubwera, kenako phokoso lina ngati munthu akukokera lata pansi. Galimoto inali itakhalira mimba pamchenga, matayala akungozungulira pachabe.

Che Saidi anatsika manja ali kumutu. Anagona chafufumimba kusuzumira kunsi, akulankhula Chiyao chothamanga chimene sindinamve, koma sanali madalitso. Nkhope ya amuna anga inagwa. Ndinaona kuti tsiku lawo likuthera pomwepo, ndipo ndinati ayi, ine ndilipo. Ndinatula keke pakaliyala wa njinga, ndinavula zagogoda, ndinakwinya diresi, n'kupita kumbuyo kwa galimoto. Ndinakuwa kuti bambo a Yankho aponde moto ine ndikankhe.

Palibe anandiuza kuti galimoto zoterezi zimakoka ndi matayala akumbuyo.

Anapondadi, mwamphamvu zawo zonse za pa lole. Mchenga wotentha, zitosi za mbuzi ndi mamba ouma a nsomba, zonse zinandithera kumaso, m'kamwa, m'tsitsi langa latsopano, mpaka m'malo amene sindingatchule pano. Sindinasiye. Ndinatseka maso n'kumakankhabe, galimoto ikumira, ine ndikukwiririka nayo limodzi. Ndinaleka akabaza aja atandikoka pamkono.

Asodzi amene ankasoka ukonde chapafupi anabwera akudziletsa kuseka. Sanakankhe n'komwe. Anangoizungulira, kuwerenga, n'kuinyamula ngati bwato, n'kuitembenuza kuti iyang'ane kumene inachokera. Che Saidi ananena kuti ulendo wathera pomwepo, galimoto yawo sipondanso mchenga. Pofuna kuthokoza asodziwo anayang'ana uku ndi uku, maso n'kugwera pa keke yanga. Ndisanalavule mchenga kuti ndilankhule, bokosi linali litatsegulidwa.

Msodzi wina wamkulu, wa ndevu zoyera, anawerenga malembawo pang'onopang'ono mokweza, ngakhale anali atayamba kusungunuka. Anavula chipewa n'kundiyang'ana.

"Sikomo kwambiri, mayi. Ifenso timakukondani."

Anaidula ndi mpeni wotumbulira nsomba. Aliyense analandira, ngakhale akabaza anga, amene atapukuta pakamwa anati miyendo yawo yakwana, n'kukwera njinga kubwerera okha. Ine chidutswa changa ndinachidya chikukukutika m'mano.

Che Saidi anakhalanso pampando wawo n'kuitana amuna anga kuti azipita. Pamenepo m'pamene bambo a Yankho anandiyang'ana koyamba tsikulo, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sindikudziwa chimene anaona, chifukwa ndinkaoneka ngati chinyau chotuluka kudambwe. Anayang'ana galimoto, anayang'ananso ine. Kenako anapereka kiyi kwa mwini wake ndi manja awiri, n'kunena kuti iwo abwerera wapansi ndi akazi awo.

Anatola nsapato zanga, anandipukuta kumaso ndi malaya awo, tinayamba kuyenda padzuwa lija. Tili m'njira anandigwira dzanja, chinthu chimene anasiya kalekale, anthu akuona.

"Chibadwire palibe anandichitirapo zoterezi," anatero.

Ndinafinya dzanja lawo. Ndinadikira kuti apitirize, ndipo anapitirizadi. Anandifunsa ngati ndinamva mmene injini imalirira akaponda, n'kuyamba kundiyeserera ndi pakamwa. Anaiyeserera njira yonse mpaka pa boma, koma dzanja langa sanalisiye.

Mwina mukuganiza kuti ndinatengapo phunziro. Inenso ndinkaganiza choncho, mpaka sabata yatha pamene ndinawapeza pakhonde akuonera maboti othamanga, aja amadzutsa mphuno pamadzi. Abiti Juma akuti mlamu wawo wa ku Chembe ali nalo limodzi, ndipo ndi munthu wovuta kuposa Che Saidi. Khonde lake ndalidziwa kale. Chatsala n'kupeza wondiphunzitsa kusambira, poti ine ndine mwana wa kumtunda, ndipo pamadzi palibe kabaza.