Tsiku limene ndinavina ngati manakini ku Karen

Mpaka lero buluku langa la ku tchalitchi sindiliyang'ana bwino. Linandiona pa tsiku loipa.

Pali a Tadala, chemwali wina Mmalawi mnzanga amene timapemphera limodzi kuno ku Nairobi. Nditamva kuti Loweruka lililonse amakaonera mbalame m'nkhalango ya ku Karen, ndinasanduka katswiri tsiku lomwelo (ine amene mbalame ndimaizindikira ikakhala yokazinga). Ndinaonera kavidiyo kamodzi ka manakini, kambalame kamene kakamafunsira mkazi kamasereraka chammbuyo panthambi, kakuomba mapiko kuti thwa thwa. Sukulu inathera pomwepo.

Loweruka ndinakwera maminibasi awiri (kuno amati matatu) kuchokera ku Umoja kumene ndimakhala. Gulu linali la anthu khumi ndi awiri, aliyense ndi magalasi oonera patali, wotitsogolera ali mayi wina wachikulire wa konkuno. Titangolowa m'nkhalango, china chake chinalira kuti thwa.

"Chete! Manakini ameneyo!" ndinatero, diso lili pa a Tadala.

Mayiwo anatsitsa magalasi awo. "Bwana, manakini amakhala ku South America," anatero m'Chingerezi. "Wabwera pa ndege iti?"

Wanzeru akanatseka pakamwa. Ine ndinati mwina sakumudziwa bwino, ndiwaonetse kavinidwe kake. Ndinakwera pa chipika cha mtengo wogwa.

"Achimwene, tsikani, ndi poterera pamenepo," ananong'ona a Tadala.

"Ingoyang'anani, achemwali."

Ndinawerama, manja kumbuyo ngati mapiko, n'kuyamba kusereraka. Kunena zoona, masitepe atatu oyamba anali okongola. Lachinayi linapeza chipika chitatha. Ndinagwa chokhala, pakatikati pa mzere wa linthumbu (kuno amati siafu, koma mano ndi omwewo).

Apo ndiye ndinavina gule weniweni. Linthumbu salithothola uli chivalire, ndiye buluku linavulidwa, pamaso pa anthu khumi ndi awiri amene ntchito yawo ndi kuyang'anitsitsa. Mzungu wina anafunsa mwaulemu ngati izinso zili mbali ya kufunsirako.

"Pole sana," anapepesa m'Chiswahili mayi aja, misozi ya kuseka ikutsika.

A Tadala anandipatsa chitenje chawo atatembenukira kumbali. "Kukanakhala kuti ndine yaikazi ija, achimwene, bwenzi nditauluka kalekale."

Ndaphunzirapo ndithu: musanavine m'nkhalango, yambani mwayang'ana pansi. Za bodza zokha n'zimene sizinalowe. Dzana ndauza mayi wina wa kwaya kuti ndimadziwa kusambira, ndipo wandiitana kunyanja ku Mombasa.