Tsiku Limene Achipewa Anakwera Lole

Nzeru za Injiniya zinabadwa Lachisanu masana, pa botolo lachinayi, m'kabala ka kuseri kwa depoti. Munthuyu ku koleji sanapondeko. Dzinalo analitola chifukwa anagwirapo miyezi iwiri yonyamula makwerero a anthu okonza magetsi, koma akayamba kuyankhula mumangoti mzinda wonse anajambula ndi iye. Pambali pake panakhala Kabudula, chimunthu cha mapewa ngati chitseko, amene ntchito yoganiza anasiyira anzake kalekale. Wachitatu anali Giya, dalaivala, amene anati wabwera kudzamwa limodzi lokha basi.

Pa atatuwo, Giya ndiye anali ndi chotaya. Zaka ziwiri zapitazo anagonapo m'chitokosi pa nkhani ya matayala a eni, ndipo chitulukireni apongozi ake ankamuyankha moni ndi mphuno. Sabata yomweyo mkuluyo anali atafewa mtima, n'kumupatsa makiyi a lole yake yonyamula njerwa. Mkazi wake naye anamuuza mosapita m'mbali kuti akadzangomva zoti wabwerera ku magulu aja, adzam'peza kwa bambo ake, iye ndi mwana ndi mapoto omwe.

Masiku amenewo mzinda wonse unali pa mkangano wa chiboliboli cha pamphambano pa positi ofesi. Chinali cha bwana wina wamakedzana, wandodo m'manja ndi chipewa chachikulu, moti anthu ankangoti Achipewa. Ena ankati aime pomwepo, ndi amene anamanga mlatho ndi chipatala. Ena ankati mlathowo anaumanga ndi misana ya anthu ogwidwa mokakamiza, ambiri n'kufera pomwepo, choncho agwe. Pa wailesi ankatukwanizana m'mawa uliwonse, khonsolo nayo inkangoti ikhala pansi ione.

"Aise, anthu akukangana za mbiri, ine ndikuona mkuwa," anatero Injiniya. "Madala amene aja akakwera sikelo kwa ogula zitsulo zakutha, tonse tisintha nsapato."

Anafotokoza kuti kuba mumdima n'kwa ana. Iwo apita dzuwa likuswa mtengo, atavala majekete onyezimira ngati antchito a khonsolo. Ofuna kuti chiboliboli chigwe awomba m'manja, osafuna athamangira ku khonsolo kukadandaula, ndipo palibe munthu amene amafunsa chikalata kwa munthu wovala jekete lonyezimira. Giya anakana kawiri. Kachitatu anafunsa kuti ntchitoyo itenga nthawi yaitali bwanji, ndipo atamva kuti mphindi makumi anayi, anaitanitsa botolo lina. Kwa apongozi ake anakanena kuti Lachiwiri akukasamutsa katundu wa abusa ena.

Lachiwiri, hafu seveni yeniyeni, lole inaima pamphambano. Injiniya anatsika ndi fayilo yopanda kanthu m'khwapa, Kabudula anandandalika makoni otchingira msewu, makina odulira zitsulo n'kuyamba kulira pa mabawuti a kumapazi kwa Achipewa. Anagwira ntchito mothamanga, thukuta kamukamu, osakhala pansi ngakhale kamodzi. Mayi wogulitsa nyuzi pakhonde la positi ofesi anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuvalanso. Anauza mnzake kuti zaka makumi awiri wakhala pamenepo sanaonepo wa khonsolo akuthamanga, kupatula tsiku lija njuchi zinalowa m'galimoto lawo.

Poyamba zonse zinayenda monga ananenera Injiniya, ndipo apa ndi pamene panagona tsoka. Ana a sukulu ya ukachenjede, ofuna kuti chiboliboli chigwe, anakhamukira pomwepo ndi zikwangwani zawo, akuimba. Atawona kuti Kabudula akuvutika yekha ndi chingwe, anachigwira anthu makumi atatu. Achipewa anapendekeka, anazengereza pang'ono monga munthu wosazolowera kutumidwa, kenaka anatsetsereka pa matabwa n'kugona chagada m'lole, mapazi ali panja. Lole inabwata ngati nkhuku ya mazira. Giya anayang'ana matayala akumbuyo, mtima wake unapita kwa apongozi.

Analiza injini, kukodola Injiniya kuti tiyeni. Koma wina anali atam'patsa kale Injiniya chimkuzamawu. Ndikuuzeni, pali anthu amene mowa suwagwetsa koma kuwomberedwa m'manja. Anakwera pamwala pamene panaima Achipewa, anakonza kolala, n'kuyamba kulalikira za ufulu, za makolo athu, za misozi ya amasiye. Munthu amene sanadziwe ngakhale dzina lenileni la chibolibolicho anayankhula mphindi makumi awiri, amayi ena mpaka kupukuta m'maso. Ojambula a pa kanema anafika, iye anawapempha kuti ayambirenso poti poyamba sanaime bwino.

Akumaliza, gulu lina lija linali litafika, madoda a majekete ndi ndodo, kukuwa kuti mbiri siikwezedwa m'lole ngati mbuzi. Magulu awiriwo anayamba kulozana zala m'maso. Posakhalitsa apolisi anatulukira, galimoto imodzi ndi njinga zamoto ziwiri. Kabudula anayamba kuvula jekete kuti aliyatse liwiro, Giya anam'gwira lamba.

Sajeni anafika pa zenera la lole, anachita sawasha, n'kupepesa kuti achedwa poti khonsolo sinawadziwitse. Anati zinthu zavuta, katundu wa boma sangayende yekha pakati pa anthu olusa chonchi.

"Musadandaule bwana, tikuperekezani mpaka pageti la khonsolo."

Injiniya, mutu udakali wotupa ndi m'manja muja, anayankha kuti n'zimene amayembekezera kwa apolisi odziwa ntchito.

Ulendo unayambika, njinga kutsogolo, njinga kumbali, galimoto ya apolisi kumbuyo ikulira, ana asukulu akuvina m'mbali. Atafika pa msewu wokhotera kwa ogula zitsulo, Giya anayatsa indiketa mwaulemu. Wapolisi wa panjinga anam'mwetulira, n'kumulozera kutsogolo kuti bwana mwasokera, njira ndi iyi. Giya anazimitsa indiketa. Anayendetsa pang'onopang'ono ngati wanyamula maliro, akupemphera kuti tayala liphulike, koma apongozi ake matayala amagula abwino.

Pageti la khonsolo mlonda anatsegula mosafunsa, poti ndani angafunse anthu obwera ndi apolisi. M'bwalomo antchito enieni a khonsolo anali pansi pa mtengo, asanu ndi mmodzi, akudikira tiyi. Kapitawo wawo anadzuka mosafulumira, anazungulira lole, anagogoda nsapato ya Achipewa ndi chala. Anafunsa kuti ntchitoyi ayamba nthawi yanji. Injiniya anadzigunda pachifuwa kuti hafu seveni, ndipo pofika koloko ya eyiti chinthu chinali chitagona.

Pansi pa mtengo paja panamveka kung'ung'udza kwa anthu olakwiridwa. Kapitawo anatembenukira kwa sajeni ndi nkhope yachisoni.

"Awa si athu. Ife chinthu ngati ichi timayamba tapita kukachiona, mwezi wotsatira kukachiyeza, kenaka timadikira magolovesi. Anthu atatu, onse kugwira ntchito, popanda ndi mmodzi yemwe woimirira kuyang'anira? Amangeni awa, atiipitsira mbiri."

Sajeni anapempha fayilo ija, anaitsegula, anapezamo mpweya. Kabudula anathawira m'kanyumba koyamba kamene anaona, kamene kanali kosungiramo makoni, ndipo mlonda anangokhoma loko. Injiniya anafunsa ngati zimenezi zisokoneze kuonetsedwa kwake pa kanema madzulo.

Apolisi anam'khazika Giya pa benchi pafupi ndi geti, unyolo m'manja. Ankaopa ndende, inde, koma chimene ankachiopa koposa chinali china, ndipo chinafika masana pa njinga yakapalasa. Apongozi anali ataona lole yawo pa kanema wa m'sitolo ya oyandikana nawo. Anatsika, anaimika njinga bwinobwino, anapita kukaiona lole. Sajeni anawafotokozera kuti galimotoyo tsopano ndi umboni, siichoka mpaka mlandu utatha, ndipo chiboliboli sichitsitsidwa chifukwa kuchitsitsa kukufunika komiti, komiti yomwe ija yosakhala pansi.

Mkuluyo anasuzumira m'lole nthawi yaitali, kenaka anabwera kudzaima pamaso pa mkamwini wake. Sanakalipe. Giya akanakonda akanakalipa.

"Abusa anu ndawaona," anatero. "Bambo, mukudziwa kuti agogo anga ali pansi pa mlatho uja? Anawagwira kumunda, khasu lili m'manja. Zaka zonsezi ndimazungulira njira ya kumsika kuti ndisaone nkhope iyi. Mukanandiuza kuti mukukachitaya, ndikanayendetsa ndekha, mafuta anga. Koma inu mumati mukadye."

Giya anachita manyazi amene sanawachitepo ngakhale tsiku la matayala lija. Mkuluyo anatambasula dzanja, sajeni anaponyamo makiyi a nyumba amene anapezeka m'thumba la Giya, poti a lole anali umboni. Mkuluyo anati mwana wake wam'tuma kuti akatenge mapoto.

Anakwera njinga, phazi limodzi lidakali pansi, n'kuyang'ananso mapazi a mkuwa aja ali tololo kumbuyo kwa lole yawo.

"Agogo anam'senzera miyala munthu ameneyu," anatero. "Ine ndimati zinathera pomwepo. Lero mwandisenzetsa mwini wake."