Nthungululu Pakati pa Vayolini

Mpaka lero mwana wanga Tadala akandiitana kukonsati amandisungira mpando wakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Sindidandaula, ndinaziputa ndekha.

Tadala anabadwira konkuno ku Leicester ndipo amaimba vayolini. Chaka chimenecho iye ndi anzake atatu anakonza konsati m'katchalitchi kena ku Loughborough, nyimbo za akatswiri a ku Brazil, Argentina, Mexico ndi Cuba. Ankajambulanso vidiyo yoti atumize kukoleji ya nyimbo imene ankailota usana ndi usiku. M'sitima anandilangiza ngati mwana ndine: kuwomba m'manja ayi, mpaka onse anayi ataimirira.

"Iwe, kwaya ndinayamba usanabadwe," ndinatero. "Undiphunzitsa ine za nyimbo?"

Nyimbo yoyamba inali yozizira, ndinakhala phee (chilungamo chake, ndinali nditachokera kuntchito ya usiku, ndinasinzako). Yachiwiri phazi linayamba lokha, ndinaliponda ndi linzake. Koma yachitatu, ya ku Cuba ija, mnyamata wa chivayolini chachikulu choimika pakati pa miyendo anayamba kuchimenya ndi chikhatho ngati ng'oma. Ine kumva chioda cha kwathu ku Nkhotakota. Ndinati mumtima, awa ndi abale athu ndithu, anangowoloka nyanja. Mapewa anayamba. Mayi wachizungu pambali panga anasendeza chikwama chake.

Kenako Tadala anatsogola yekha, thukuta lili kamukamu pamphumi, ine mtima kusefukira ndi kunyada. Mwadzidzidzi onse anayi anasiya kuimba. Zii.

Nthungululu inatuluka yokha. Pozindikira ndinali kale kutsogolo, mpango m'manja, ndikumupukuta mwana wanga kumaso monga timachitira kwaya ikatigwira mtima. Mauta awo oimbira vayolini anali akadali m'mwamba. Kunali kupuma chabe, nyimbo inali isanathe.

"Mum," ananong'oneza mano ali kukutu, "sit down."

Pobwerera kumpando ndinadutsanso kutsogolo kwa kamera (ndinagwadirako pang'ono, ulemu sagula).

Nthawi yojambulanso panalibe, vidiyo inapita momwemo. Masabata otsatirawo chakudya sichinkalowa, ndikuti ndamuphera mwana tsogolo ndi pakamwa pangapa.

Koleji inamuitana. Akuti atangolowa m'chipinda cha mayeso, mphunzitsi wamkulu anasuzumira kumbuyo kwake n'kufunsa ngati amayi abwera nawo. Malo anampatsa, ngakhale Tadala amakana kwamtuwagalu kuti ndinathandizapo.

Ndinaphunzirapo. Masiku ano ndikakhala kumbuyo kuja ndimavumata switi wamkulu m'kamwa kuti lilime likhale ndi ntchito. Koma mpango ndimautengabe.