Bulangete la a Gelesomu

Ikani kaye pansi ngowe zanu zolukirazo, atsikana inu, chifukwa mukuluka ngati kuli wina akukupirikitsani. Mwambi umene ndimakukalipirani nawo tsiku ndi tsiku uja chiyambi chake ndi ichi, ndipo unabadwira kwathu konkuno ku Dedza, pa ntchito yomwe mwagwirayi.

Kunali bambo wina dzina lake Gelesomu, mlimi wa mbatatesi ndi nkhumba. Sanali woipa mtima, koma pakamwa pake panalibe chitseko, ndipo chilichonse ankachita mwaphuma. Mkazi wake Nachisale, amene anamutenga chitengwa kuchokera kutsidya kwa dambo, anali katswiri woluka. Chaka china mayiyu analuka bulangete la tizigamba tating'onoting'ono tolumikiza, tofiira ndi tobiriwira. Linamutengera miyezi itatu ali chiweramire.

Mwezi wa Juni, chisanu chili pachimake, nkhumba ya Gelesomu inaswa ana asanu ndi atatu. Poona tianato tikunjenjemera, mkuluyu analowa m'nyumba, n'kutenga bulangete lija, n'kukatifunditsa. Pamene Nachisale ankabwera kuchigayo, nkhumba zinali zitalikhadzulakhadzula. Chotsala chinali nsanza zonunkha.

Nachisale anakhala pansi n'kulira, ndipo ine sindingamunene, pakuti ndikanalira kuposa pamenepo.

"Ukulirira chiyani kodi, Nachisale?" anatero Gelesomu. "Kabulangete komweka? Kuluka ndi ntchito ya anthu osowa chochita. Ine nditati ndigwire, sabata imodzi ndamaliza."

Mawu amenewa anamupweteka kuposa nsanza zija. Tsiku lomwelo anamanga katundu wake n'kubwerera kwawo.

Nkhani inafika kwa ankhoswe. Malume ake a Nachisale, a Mkutumula, anali nkhalamba yosadziwa kukweza mawu. Anamvetsera mbali zonse ziwiri, n'kufwenkha fodya wawo, kenaka anagamula.

"Akamwini, ife sitikufuna mbuzi kapena nkhuku. Mwanena nokha kuti sabata imodzi. Lero ndi Loweruka. Loweruka likudzali, dzuwa lisanafike paliwombo, mubweretse pano bulangete loluka ndi manja anuwo, lolimba, lofunda anthu awiri. Mukabwera nalo, mkazi mutenga. Mukalephera, mwana wathu akhala konkuno mpaka kalekale."

"Zochepa zimenezo, akuluakulu," anayankha Gelesomu. Koma pobwerera kwawo mtima unali m'mwamba, chifukwa mkazi wakeyo ankamukonda zedi, ndipo ngowe yolukira anali asanaigwirepo chibadwire.

Lolemba m'mawa anakafika pamsika, pa benchi ya mayi Nangondo, amene ankagulitsa ulusi kuyambira ife tili atsikana.

"Mayi, ndikufuna ulusi wa bulangete. Likhale lolimba, ndipo lithe pofika Loweruka."

"Aluke ndani, bambo? A Nachisale ndamva kuti ali kwawo."

"Ineyo."

Mayi Nangondo anameza kuseka. Anatulutsa mpukutu wa ulusi wonenepa, wofewa. "Tengani uwu. Ndi wofunda, umakula msanga, komanso umagwirana wokhawokha. Ukaluka, waluka."

Gelesomu anakulunga ulusiwo kuzala, n'kukoka mwamphamvu. Thu! Unaduka.

"Mukufuna mundigulitse zowola? Nanga wonyezimira uwo?"

"Umenewo ndi wolukira zikwama, bambo. Suduka, koma ndi woterera ngati therere."

Gelesomu anauluma ndi mano, osaduka. Anauponda ndi phazi n'kukoka ndi manja onse awiri mpaka mitsempha kutuluka m'khosi, osaduka. Nkhope yake inawala.

"Uwu ndiye ulusi wa amuna! Ndipatseni wokwanira."

"Chabwino, wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Nanga kalukidwe mwasankha kotani? Ine ndikanati muluke tizigamba ngati ta akazi anu tija. Kalikonse kamamangidwa pakokha, ndiye kamodzi kakaphwasuka, tinato timatsala."

"Miyezi itatu? Ayi."

"Ndiye lukani mizere yothinana ndi ngowe yaing'ono."

"Palibe kachangu?"

"Kalipo," anatero mayi Nangondo mokayikira. "Mumatenga ngowe yaikulu iyi, n'kumaluka maso ataliatali, otayana, ulusi umodzi kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. Mpukutu ukatha, mumalumikiza wina. Kamathamanga ndithu. Koma ndi ulusi wotererawu, muyenera..."

"Basi, komweko! Ndionetseni poyambira."

Mayi uja anamuonetsa poyambira. Anamuonetsanso potembenukira mzere ukatha. Asanatsegule pakamwa kachitatu, Gelesomu anali atalipira, atakwera njinga, fumbi lokhalokha.

Ankalukira kuseri kwa khola la nkhumba kuopa maso a anthu. Tsiku loyamba ngowe inkamupulumuka m'manja ngati mlamba. Mizere itatu yoyambirira inatuluka yokhota, yothina pena, yotayana pena, moti nkhumba zomwe zinkamusuzumira zikanaluka bwinoko. Lachiwiri zala zinatupa. Lachitatu msana unauma, khosi osatembenuka, ndipo anzake a pabawo anatumiza munthu kudzafunsa ngati akudwala. Iye anayankhira kuseri konko kuti ali ndi chimfine choopsa, asayandikire.

Koma tisamunamizire, dzanja linazolowera. Pofika Lachinayi bulangete linayamba kuoneka, lonyezimira, la mabowo oti chala chachikulu cha kuphazi n'kudutsa osagunda. Mpukutu ukatha, ankalumikiza wina ndi mfundo yomangira mbuzi, ija yosamasuka ngakhale mbuzi italumpha chotani.

Loweruka linacha bulangete lisanakwane anthu awiri. Analowa nalo m'nyumba n'kumaluka ali chiimire, diso limodzi pa ulusi, lina pakhomo kuyang'ana mthunzi. Dzuwa linkakwera, mthunzi unkafupika. Atamaliza mzere wotsiriza anakuwa yekha, n'kusolola ngowe, n'kuiponya uko.

Tsono inu mukudziwa chimene munthu amachita akamaliza kuluka. Amadula ulusi, n'kuupisa m'diso lomaliza, n'kukoka kuti litseke, n'kubisa kamchira. Gelesomu sanadule ndipo sanatseke, pakuti phunziro limenelo analithawa pamsika paja. Anaunjika bulangete m'dengu la kumbuyo kwa njinga, n'kukankhira njinga panja. Mpukutu wotsala unali gone pamphasa m'nyumba. Anakoka chitseko, chitseko n'kuluma ulusi, iye n'kukhoma loko.

Atangopalasa kawiri, diso lomaliza lija linamasuka. Linatsatira linzake, kenaka linzake.

Kuchokera kwa Gelesomu kukafika kudambo ndi kotsetsereka, ndipo mkuluyu anaiwala kuti njinga ili ndi mabuleki. Kumbuyo kwake bulangete linkadumphadumpha m'dengu, likusololoka mzere ndi mzere, ulusi ukuyalika m'njira. Woyamba kuona anali mayi Nangondo, amene ankapita kumsika atasenza katundu wawo.

"A Gelesomu! Imani! Simunatseke!"

"Ndatseka ndi loko, mayi! Tionana pobwera!" anakuwa osacheuka.

Amayi a pamjigo anasiya ndowa n'kuyamba kumukodola ndi manja onse awiri. Iye anati akumuseka chifukwa amva kuti mwamuna wakhala akuluka, ndiye anawerama n'kupalasa kwambiri. Pa mphambano, mkulu wa mpingo amene ankadutsa atanyamula mazira m'chipewa anakodwa mwendo, ndipo mawu amene anatuluka pakamwa pake tsiku limenelo sindingawabwereze pamaso pa ana. Mbuzi zinakodwa, nkhuku zinakodwa. Ulusi wokha ndiwo sunaduke. Chimene chimandiwawa ine mpaka lero ndi chakuti akanagula wofewa uja, ukanaduka pa chitsa choyamba, bulangete n'kupulumuka. Koma iye anasankha wa amuna, n'kuumanga ndi mfundo za mbuzi.

Atawoloka dambo n'kuyamba chitunda, anamva ngati wina akukoka njinga pang'ono kumbuyo. Anati ndi kutopa. Anaimirira pa mapedulo, thukuta kamukamu, mpaka analowa m'mudzi mwa apongozi ake.

Pabwalo anthu anali atakhala kale. A Mkutumula anali pa mpando wawo wa ndalema, ankhoswe a mbali zonse pamphasa, Nachisale chapatali pang'ono ndi amayi ake, nkhope ili pansi. Mthunzi wa mtengo unali usanathere pansi pa tsinde. Gelesomu anatsika njinga isanaime.

"Ndafika, akuluakulu! Onani dzuwa! Ndafika nthawi isanakwane!"

"Takuonani, akamwini," anatero a Mkutumula. "Khalani pansi mupume."

"Kupuma n'kwa mawa. Nachisale, konzeka tizipita!"

Anatembenuka monyada, n'kupisa manja onse awiri m'dengu ngati munthu wonyamula katundu wolemera. Manja anagunda pansi pa dengu. Anafufuza uku ndi uku. Chimene anatulutsa chinali kachingwe ka mizere itatu yokhota ija, kotalika ngati lamba wa thalauza. Kumapeto kwake kunali ulusi wonyezimira umene unatsika m'dengu, n'kudutsa pabwalo, n'kulowa m'njira, n'kumapita mpaka kumene maso amalekezera.

Ankhoswe anasuzumira kachingwe kaja. Kenaka apongozi ake aakazi anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo anthu onse anaphulika nako kuseka.

A Mkutumula okha sanaseke. Analandira kachingwe kaja, n'kukatembenuza, n'kukayeza pa bondo lawo.

"Kolimba ndithu," anatero. "Koma anthu awiri afunda bwanji? Mosinthana?"

"Linalipo, akuluakulu! Ndikulumbira, linali lalikulu! Funsani nkhumba zanga!"

"Tikukhulupirira. Nanga pano lili kuti?"

Gelesomu anatsatira ulusi uja ndi maso mpaka kudambo. Kenaka anakhala pansi pafumbi. Apa ndiye anazindikira kuti mkazi wapita, ndipo anagwira kumutu.

A Mkutumula anakonza kukhosi kuti atseke mlandu, koma Nachisale anadzuka. Anayenda pang'onopang'ono, n'kugwada pafupi ndi mwamuna wake.

"Abambo, tandionetsani manja."

Gelesomu anatambasula manja. Zala zinali zotupa, za matuza, ndipo chala cholozera chinali ndi mzere wofiira pamene ulusi unkadutsa.

"Ntchito ya anthu osowa chochita ija ndi imeneyi?" anafunsa Nachisale.

"Nachisale, ndinalakwa," anatero Gelesomu, misozi ili lengelenge. "Sabata imodzi yokha msana wanga watha. Iwe miyezi itatu, ine n'kukafunditsa nkhumba. Ndinalakwa, mkazi wanga."

Mawu amenewa ndi amene Nachisale ankawadikira, ndipo mtima wake unatsika. Koma anali mwana wa kwa Mkutumula, sakanagulitsa mlandu motchipa.

"Malume, ukwati usathe," anatero. "Koma ine pano sindichoka wopanda bulangete. Njingayi itsale. Abambowa abwerere wapansi, akukulunga ulusi wawo mpaka kunyumba. Akapepese onse amene awakola m'njiramo. Akatero akakhale pansi kwa mayi Nangondo, amve phunziro mpaka kumapeto, aluke tizigamba ndi ulusi wofewa. Likadzafika bulangete, ine ndidzanyamuka."

"Tizigamba?" anadandaula Gelesomu. "Imeneyo ndi miyezi itatu!"

"Kwa ine inali itatu. Kwa inu mwina isanu."

Gelesomu anadzuka, n'kutola kachingwe kake, n'kuyamba kukulunga ulusi kudzanja lotupalo, phazi limodzi, kukulunga, phazi lina, kukulunga. Atafika kumapeto kwa bwalo anacheuka, pakuti pakamwa paja panali pasanapolebe.

"Komabe, akuluakulu, pa nkhani ya nthawi mundichitire umboni. Ndinathamanga."

A Mkutumula anafwenkha fodya, n'kuyetsemula, n'kupukuta mphuno mosafulumira.

"Kuthamanga munathamanga, akamwini, mudzi wonse waona. Koma ife timadikira bulangete, ndipo ilo likadali m'njira. Kuthamanga si kufika."